Cimene Cinagwetsa Mng'ono Wanga ku Mtenguleni

Anzanga acinyamata, inu amene munapitako ku Nc'wala mudziwa mmene mudzi wa Mtenguleni umakhalira pa Ciweru comaliza ca mwezi wa February. Magalimoto amandanda m'mbali mwa mseu wa Great East Road. Anthu amacokera ku Chipata, ku Katete, ku Lusaka, ena ku Malawi ndi ku Mozambique. Amuna abvala zikopa za nyama, m'manja muli zishango ndi zibonga, ndipo akaponda pansi onse pamodzi mumamva nthaka kunjenjemera. Ndi tsiku limene Inkosi ya Makosi Mpezeni alawa zakudya zoyamba za m'munda. Mwambo umenewu unaleka pambuyo pa nkhondo ya Angoni ndi azungu mu 1898, ndipo unayambanso mu 1980.

Koma ine ndikamva dzina la Mtenguleni, coyamba kubwera m'mutu mwanga si ingoma ai. Ndimakumbukira tsiku limene ndinathawa mng'ono wanga. Ndaganiza zokuuzani nkhani imeneyi ngakhale kuti indicititsa manyazi, cifukwa mwina mawa mnzanu wa m'gulu lanu adzagwa pamaso panu, ndipo ine sindifuna kuti mudzacite zimene ndinacita.

Madzulo a Cisanu

Ine ndinali ndi zaka 19, mng'ono wanga anali ndi zaka 14. Cinali caka cake coyamba kuvina ndi anyamata a m'mudzi mwathu, ndipo anakondwa kwambiri. Tinafika ku Mtenguleni pa Cisanu. Madzulo anyamata anali kuyeseza kuvina pafupi ndi pamene amai ena anali kuphika. Ine ndinaima pambali kumuyang'ana.

Mwadzidzidzi anaima. Dzanja lake lamanja, limene linagwira cibonga, linayamba kugwedezeka lokha, ndipo cibonga cinagwa pansi. Ndinamufunsa kuti, “Iwe, n'ciani?” Iye anandiyang'ana, milomo inayenda, koma mau sanatuluke. Kenaka anagwa. Thupi lonse linauma gwaa, ndipo linayamba kuphiriphitha. Thobvu linatuluka m'kamwa. Mwendo wake umodzi unagwera pa makala a moto.

Munthu wina anapfuula kuti, “Ndi khunyu! Musamukhudze, malobvu ake akakugwerani mutenga!” Anthu onse anabalalika. Inenso ndinabwerera m'mbuyo. Inde, ine mkulu wake, amene tinayamwa bele limodzi. Amene anamukoka pamotopo anali agogo ena acikazi amene sitinali kuwadziwa n'komwe. Anamugoneka cam'mbali, nakhala naye pansi kufikira anatsitsimuka. Cipsera ca moto umenewo cikali pa mwendo wake kufikira lero.

Titabwerera kumudzi, zinthu zinasintha. Anamupatsa mbale yake ndi kapu yake. Analeka sukulu cifukwa anzake anakana kukhala naye pa benchi imodzi. Ena anati analodzedwa ndi anthu ansanje, ena anati ndi ziwanda. Anagwanso kawiri, ndipo nthawi zonse kunali kuyamba ndi dzanja lomwe lija. Patapita miyezi, amalume anabwera nauza atate kuti, “Alamu, mwayesa zonse, koma kucipatala simunapite. Tiyeni naye mwanayu.”

Funso la adokotala

Adokotala atamva nkhani yonse, anatembenukira kwa ine nati, “Inu akulu ake, munalipo. Kodi cinayamba kugwedezeka n'ciani?” Ndinayankha kuti linali dzanja lamanja. Anafunsanso ngati iye anatha kulankhula. Ndinati ai. Pamenepo anagwedeza mutu nati, “Tsono bvuto liri mu ubongo, mbali ya kumanzere.”

Ine ndinadabwa. Anadziwa bwanji osatsegula mutu? Iwo anatenga pepala nayamba kujambula. Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene ndawerenga m'zaka zotsatira, ndi zimene ndifuna kukugawirani.

Cimene ciri m'mutu mwanu

Gwirani mutu wanu ndi manja awiri. M'kati mwa cibade cimene mwagwiraco muli ubongo, wolemera pafupifupi makilogalamu 1.4 mwa munthu wamkulu. Ndi wofewa kwambiri. Inu amene munaona ubongo wa mbuzi kapena wa ng'ombe pophedwa mudziwa kuti cala cimalowa mosabvuta. Cifukwa ca kufewa kumeneku, uli ndi zouchinjiriza zitatu: cibade colimba, nembanemba zitatu zoukuta, ndi madzi oyera amene ubongo umayandamamo. Matenda amene mumamva akuchedwa meningitis ndiwo kutupa kwa nembanemba zimenezi.

Ubongo ndi gawo laling'ono la thupi. Pa makilogalamu 100 alionse a kulemera kwa munthu, ubongo ungatenge 2 cabe. Koma pa mphamvu zonse zimene thupi ligwiritsa nchito munthu atapumula, ubongo wokha umadya gawo limodzi mwa magawo 5. Ndiye cifukwa cake mwana amene wapita kusukulu ndi njala amabvutika kumva za aphunzitsi. Si ulesi nthawi zonse ai.

M'kati mwake muli timaselo tochedwa manyuroni, tokwana pafupifupi mabiliyoni 86. Kalikonse kali ndi timizu tambiri tolandira uthenga ndi kamcira kamodzi kotumiza uthenga kwa tinzake. Uthengawo umayenda monga magetsi ocepa kwambiri, ndipo m'mitsempha ina umathamanga mamita oposa 100 pa sekondi imodzi. Kuganiza kwanu, kuseka kwanu, kukumbukira nyimbo ya kwaya, ngakhale kuwerenga mau ano, zonse ndi timaselo timeneti tikupatsana uthenga.

Ubongo waukulu ndi zigawo zake

Gawo lalikulu koposa lichedwa cerebrum. Ndi lamakwinyamakwinya, ndipo ligawika pakati monga nyemba ya nshawa: mbali ya kumanja ndi mbali ya kumanzere. Cinsinsi ca funso la adokotala ciri apa. Mitsempha yocokera mu ubongo kupita ku manja ndi miyendo imapingasana pamunsi pa ubongo, pafupi ndi khosi. Motero mbali ya kumanzere ilamulira dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndipo mbali ya kumanja ilamulira za kumanzere. Mukaona agogo amene anadwala sitiroko nafa ziwalo za kumanja, dziwani kuti cabvulala ciri kumanzere kwa mutu.

Nanga mau amene anakana kutuluka? Mwa anthu oculuka, malo opanga mau ali mbali ya kumanzere, cakutsogolo, pafupi ndi malo oyendetsa dzanja ndi nkhope. Dokotala wa ku France, Paul Broca, ndiye anaonetsa zimenezi mu 1861. Iye anali ndi wodwala ku Paris amene anali kumva zimene anthu anena koma osatha kuyankha, kupatula kaliu kamodzi kokha. Munthuyo atamwalira, Broca anapeza cironda pamalo amenewo. Cotero dzanja lamanja ndi mau osowa zinauza adokotala athu malo enieni oyang'ana.

Mbali iriyonse iri ndi zigawo zinai. Cigawo ca pamphumi ndico colinganiza zocita, cosankha cabwino ndi coipa, ndi coletsa munthu kucita zinthu mopupuluma. Mu 1848, ku Vermont m'dziko la America, kapitao wa anthu okonza njanji, Phineas Gage, analasidwa ndi citsulo cimene cinalowa pa tsaya ndi kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe, anakhala ndi moyo kufikira 1860. Anali kuyenda ndi kulankhula, koma amene anamudziwa anati khalidwe lake linasintha. Nkhani yake inathandiza madokotala kuona kuti khalidwe la munthu liri ndi malo ake mu ubongo. Ndipo imvani ici, anzanga: cigawo ca pamphumi ndico comaliza kukhwima. Cimapitiriza kukula kufikira munthu ali ndi zaka pafupifupi 25. Pamene makolo anena kuti “yamba waganiza”, sakunyozani. Mabuleki anu akali kumangidwa.

Cigawo ca pamwamba, cakumbuyo pang'ono, cimalandira zimene khungu limva: kutentha, kuzizira, kulasa kwa munga. Zigawo za m'mbali, pafupi ndi makutu, ndizo zakumva, ndipo m'kati mwake muli kaciwalo kochedwa hippocampus kamene kathandiza kusunga zinthu zatsopano m'cikumbukiro. Cigawo ca kunkhongo ndico coona. Maso ali kutsogolo, koma cithunzi cimapangidwa kumbuyo kwa mutu. Ndiye cifukwa cake munthu akamenyedwa kunkhongo amaona nyenyezi masana.

Ubongo waung'ono ndi tsinde

Pansi pa nkhongo pali ubongo waung'ono wochedwa cerebellum. Ngakhale ndi wocepa, manyuroni oposa theka a ubongo wonse ali m'menemo. Nchito yake ndi kulinganiza kayendedwe ka thupi. Wovina ingoma akanyamula mwendo, naima pa mwendo umodzi, naponda pansi pa nthawi imodzi ndi anzake onse, ndi ubongo waung'onowu uli pa nchito. Mtsikana wosenza ndowa ya madzi pamutu osagwira, mnyamata wopalasa njinga itanyamula matumba a makala, onse adalira ciwalo cimeneci. Mowa umacisokoneza msanga. Kudzandira kwa munthu amene wamwa kacasu kucokera pamenepa.

Potsiriza pali tsinde la ubongo, limene lilumikiza ubongo ndi mtsempha waukulu wa m'msana. Tsinde limeneli silipumula usana ndi usiku. Ndilo liyendetsa kupuma ndi kulinganiza kugunda kwa mtima pamene inu muli m'tulo. Likaphwanyika, moyo watha.

Anansi athu a ku Malawi anaphunzitsa dziko lonse kanthu kena pa za tsinde limeneli. Kwa zaka zambiri madokotala anali kufunafuna cimene cimapha ana odwala malungo a mu ubongo. Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Dr Terrie Taylor ndi Dr Karl Seydel linajambula mitu ya ana 168 ndi makina a MRI. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2015. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Popeza cibade sicitanuka, ubongo wotupa umakanikiza tsinde lija, ndipo mwana amaleka kupuma. Tsono mwana akatentha thupi nayamba kukomoka, si nthawi yoyembekeza kuti kuce. Thamangani naye kucipatala.

Nanga khunyu n'ciani?

Ganizani za gulu la ingoma. Pamene aliyense atsata nyimbo, gule amakoma. Manyuroni naonso ali ndi dongosolo lao, ena atumiza uthenga pamene ena ayembekeza. Khunyu ndi pamene gulu la manyuroni litulutsa magetsi ambiri pa nthawi imodzi mopanda dongosolo. Zikacitika pa malo oyendetsa dzanja, dzanja ligwedezeka. Zikafalikira ubongo wonse, munthu amagwa ndi kukomoka. Magetsi amenewa angathe kupimidwa ndi makina ochedwa EEG, amene dokotala wa ku Germany, Hans Berger, anayamba kugwiritsa nchito pa munthu mu 1924.

Mwaona tsono kuti m'malobvu mulibe khunyu. Simungatenge khunyu pokhudza munthu, podya naye m'mbale imodzi, kapena pogona naye pa mphasa imodzi. Bungwe la World Health Organization linena kuti anthu pafupifupi mamiliyoni 50 pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndi kuti 7 mwa anthu 10 alionse angaleke kugwa ngati alandira mankhwala oyenera. Zoyambitsa zake ndi zambiri: kubvulala m'mutu, kubvutika pobadwa, malungo a mu ubongo, meningitis, sitiroko, ndi cina cimene ife a kum'mawa kuno tiyenera kucidziwa bwino.

Nkhumba, cimbudzi ndi ubongo

Mng'ono wanga anatumizidwa ku Lusaka kukajambulidwa m'mutu. Pa cithunzi panaoneka kanthu kozungulira, kocepa monga njere ya nandolo, mbali ya kumanzere, pamalo pomwe adokotala aja ananena. Kanali kathumba ka mphutsi ya nyongolotsi ya nkhumba.

Ambiri a inu munaonapo nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera, timene anthu kuno amati masese. Kathumba kalikonse kali ndi mphutsi m'kati. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, mphutsiyo imakula m'matumbo mwake nikhala nyongolotsi yaitali mamita angapo. Nyongolotsiyo imaikira mazira ambirimbiri osaoneka ndi maso, amene amatuluka ndi cimbudzi. Munthuyo akapita kuthengo, nkhumba zoyendayenda zimadya zonyansazo, ndipo masese amabadwa m'nyama yake.

Koma coopsa koposa ndi ici. Mazira aja akalowa m'kamwa mwa munthu, kupyolera m'manja osasamba, m'madzi, kapena m'ndiwo zamasamba zosatsuka, amaswa, ndipo mphutsi zimayenda ndi magazi kufikira m'minofu, m'maso ndi mu ubongo. Mvetsani bwino: cimene cimapereka timatumba mu ubongo ndi mazira a m'cimbudzi ca munthu. Cotero ngakhale inu amene simudya nkhumba mungadwale, ngati wokuphikirani ali ndi nyongolotsiyo ndipo sasamba m'manja.

Nkhani imeneyi si ya kutali. Akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a maiko ena anapima anthu odwala khunyu m'boma la Katete, pafupi pomwepa. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2015, ndipo zinaonetsa kuti oposa theka la amene anapimidwa anali ndi timatumba timeneti mu ubongo. Bungwe la World Health Organization linena kuti m'madera mmene nyongolotsiyi ipezeka kwambiri, pafupifupi 3 mwa odwala khunyu 10 alionse adwala cifukwa ca iyo. Taganizani, anzanga. Ndi agogo angati amene ananamiziridwa ufiti, ndi mabanja angati amene anadana, pamene mlandu unali wa kusowa cimbudzi pakhomo?

Mnzanu akagwa, mucite ciani?

Musathawe. Ici ndico coyamba. Mucotseni pafupi ndi moto, madzi, kapena mseu. Ikani cobvala cofewa pansi pa mutu wake, ndi kumasula kolala ngati yathina. Musamupanikize pofuna kuletsa kuphiriphitha. Musaike supuni, kamtengo kapena cala m'kamwa mwake. Munthu sangameze lilime lake, koma supuni ingathyole mano ndi kutseka mpweya. Musamumwetse madzi kapena mankhwala alionse asanatsitsimuke. Kuphiriphitha kukacepa, mugonekeni cam'mbali kuti malobvu atuluke, monga anacitira agogo aja. Kawirikawiri zimatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena ngati ndi nthawi yoyamba, kapena ndi mai wapakati, pitani naye kucipatala msanga. Akadzuka amakhala wotopa ndi wamanyazi. Khalani naye, mulankhuleni mofatsa, ndi kuuza anthu oonerera kuti apatuke.

Kumupempherera wodwala ndi kumuperekeza kucipatala sizilimbana. Citani zonse ziwiri. Ndipo amene alandira mankhwala monga phenobarbitone kapena carbamazepine, mulimbikitseni kumwa tsiku ndi tsiku. Kuleka mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa koposa kwa poyamba.

Sungani ubongo wanu

Fupa likathyoka limalumikizana, khungu likang'ambika limapola, koma manyuroni akafa, oculuka sabwereranso. Cotero samalani. Kumbani cimbudzi ndi kucigwiritsa nchito. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka kucimbudzi ndiponso musanagwire cakudya. Tsekerani nkhumba m'khola. Nyama ya masese musagule ngakhale ichipe bwanji, ndipo nyama yooca ya pamsika kapena pa mwambo muziyang'ana ngati yapsa kufikira m'kati. Gonani m'neti yoteteza udzudzu. Inu anyamata a njinga zamoto, bvalani cipewa colimba, ndipo wokwera kumbuyo abvalenso. Mowa ndi camba zimaononga kwambiri ubongo umene ukali kukula. Gonani tulo tokwanira, makamaka pa nthawi ya mayeso, pakuti m'tulo ndi mmene ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira masana.

Kubwerera ku Mtenguleni

Mng'ono wanga analandira mankhwala opha mphutsi ija ndi ena oletsa kugwa. Kugwa kunayamba kucepa, kenaka kunalekeratu. Tsiku limene tinacokera kucipatala, ndinatenga mbale yake ija ndi kuiika pamodzi ndi mbale zina zonse, ndipo madzulo tinadya nsima m'mbale imodzi pamaso pa anthu. Amai analira. Iye anabwerera kusukulu atataya caka cathunthu, ndipo si anzake onse amene anamulandira msanga.

Patapita zaka zitatu anavina ku Nc'wala. Ndinaima pambali monga kale, maso anga ali pa dzanja lamanja lija. Cibonga sicinagwe. Pobwerera kumudzi ndinamupepesa cifukwa ca kuthawa kwanga. Iye anaseka nati, “Akulu, simunali kudziwa.” Ananena zoona, koma cipsera ciri pa mwendo wake, osati pa wanga. Inu tsopano mwadziwa.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Kodi m'mudzi kapena mumpingo mwanu muli mnyamata kapena mtsikana amene analeka sukulu cifukwa ca khunyu? Gulu lanu lingamuthandize bwanji kuti abwerere?

2. Ndi nyumba zingati pafupi ndi kwanu zimene ziribe cimbudzi? Kodi mungapatule tsiku limodzi lokumbira okalamba ndi amasiye?

3. Yesezani awiriawiri kagonekedwe ka munthu amene wagwa khunyu, kufikira aliyense m'gulu adziwe kucita kwake.